Tisanaombere M'manja Mphanda Nkuwa, Tikumbuke Cahora Bassa

Abale anga a m'malire, mwamva kuti boma likufuna kumanga damu lina pa Zambezi, pamalo ochedwa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa. Mu Disembala 2023 linasaina pangano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo, ndipo akuti damulo lidzatulutsa magetsi okwana 1,500 MW. Ine ndikuti tiyambe tafunsa zimene damu loyamba lija linatisiyira.

Apwitikizi anayamba kumanga Cahora Bassa mu 1969, nkhondo ya ufulu ili mkati, ndipo madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974. Anthu masauzande ambiri anacotsedwa m'mphepete mwa mtsinje n'kukaunjikidwa m'midzi ya aldeamento, kumtunda kouma, asilikali akuwalondera. Minda ya makande, manda a makolo ndi malo othirira nsembe, zonse zinamira.

Akumunsi nawonso anaona zacilendo. Kale Zambezi ankasefukira m'dzinja n'kusiya dothi laconde, ndipo madzi akaphwa anthu ankabzala cimanga m'madimba. Khoma litatseka mtsinje, madzi anayamba kubwera pa nthawi imene a ku Songo atsegula zitseko, nthawi zina mbewu zili m'munda.

Nanga magetsiwo anapita kuti? Mawaya anawatenga ulendo wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka ku Apollo, kufupi ndi Johannesburg, kudutsa pamwamba pa midzi yoyatsa koloboyi. Ufulu tinalandira mu 1975, koma gawo lalikulu la damu linakhalabe m'manja mwa Portugal mpaka Novembala 2007, pamene dziko lathu linatenga magawo 85 pa 100 alionse.

Magetsi sindikuwakana ayi. Cipatala cathu, sukulu ndi cigayo zikuwafuna. Koma m'nthawi ya atsamunda palibe anafunsa mwini munda, ndipo lero tili ndi pakamwa. Mabanja a ku Marara ndi Chiúta amene madzi adzawapeze auzidwe kumene adzasamukire, minda imene adzapatsidwe, ndi m'mene manda ao adzasamalidwire. Timvenso kuti ndi midzi iti ya m'cigawo ca Tete imene idzayatse magetsi amenewa. Mayankhowo alembedwe m'Cinyungwe ndi m'Cinyanja, awerengedwe pamaso pa mafumu ndi anthu ao, khoma lisanayambe kukwera. Paja akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.