Lamulo la ufiti lomwe linabadwira ku Zomba

Pa malamulo amene atsamunda analemba ali ku Zomba, ndi ochepa amene afika lero osasinthidwa kwenikweni monga Lamulo la Ufiti la mu 1911. Nthawi imeneyo Zomba ndiye anali likulu la Nyasaland, ndipo bungwe lopanga malamulo, lomwe linayamba kukumana mu 1908, linali la azungu okhaokha. Anthu akuda anadzalowamo mu 1949. Choncho nkhani ya mwavi, ula ndi nyanga inagamulidwa m'tsinde mwa phiri la Zomba popanda mfumu kapena sing'anga wa kwa Malemia kapena kwa Chikowi kukhala nawo pa zokambiranazo. Ambiri amati chimenechi chokha nchokwanira kuti lamuloli litayidwe. Koma lamulo timaliyeza ndi ntchito yake, ndipo mtima wa lamulo ili, woti munthu asatchulidwe mfiti, ndi wofunika lero monga unalili kale.

Chimene boma linkalimbana nacho makamaka chinali mwavi. Pakagwa maliro osadziwika mutu wake, ankaitana mabisalira kuti aloze wolodza, kenaka mapondera ankasinja khungwa la mtengo wa mwavi nkulisungunula m'madzi kuti woganiziridwayo amwe. Wosanza ankatuluka wosalakwa, wakufa ndiye inali mfiti, ndipo mlandu unkathera pomwepo chifukwa wakufa sadziwiringula. Makolo sanali opusa pochita izi: kunalibe chipatala choyeza chimene chapha mwana, ndipo mudzi unkafuna yankho kuti usapasuke. Komabe khungwa lija ndi poizoni, ndipo kuchuluka kwake kunali m'manja mwa wosinja, munthu amene akanatha kukondera. Pamwamba pa phiri pali Dzenje la Chingwe, limene anthu amasimba kuti mafumu ankaponyamo adani awo kapena akhate, ndipo nthano imeneyi ikukumbutsa kuti munthu wosafunidwa m'mudzi analibe pothawira. Lamulo la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi, kutchula wina mfiti, kulemba ganyu wosaka mfiti, ndiponso kudzinenera kuti uli ndi mphamvu zaufiti.

Otsutsa amati lamuloli silinachotse chikhulupiriro m'mitima ya anthu, ndipo apa akunena zoona. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka Mchape, mankhwala otsuka ufiti amene ankati gwero lake ndi Kamwende wa ku Mulanje, ndipo anyamata ankayenda nawo m'mabotolo mpaka kwa Abemba ku Northern Rhodesia. Dziko likuyandikira ufulu, makamu a anthu, ena ochokera ku Tanganyika, ankakhamukira kwa mchimi Chikanga ku Rumphi. Koma zimenezi sizikusonyeza kuti lamulo linalephera ntchito yake, pakuti silinalembedwe kuti litembenuze mitima. Linalembedwa kuti chikhulupiriro cha munthu mmodzi chisakhale chilolezo chophera mnzake. Ndipo taonani kuti Mchape ndi Chikanga ankalonjeza kutsuka ndi kuululitsa mfiti m'malo mopha, chizindikiro choti njira yakale ya mwavi inkatsekeka.

Cholakwika chenicheni cha lamuloli chili pena. Azungu a ku Zomba sanasiyanitse bwino wosaka mfiti ndi sing'anga wochiza ndi zitsamba kapena mlosi wa mizimu, moti mawu awo anaphimba ntchito zonsezi ndi mthunzi wa upandu. Anatengera maganizo a kwawo, kumene lamulo la mu 1735 linkalanga wodzinenera kuti ndi wamatsenga. Britain inafafaniza lamulo limenelo mu 1951, ndipo pasanapite zaka zambiri otsatira chipembedzo cha zamatsenga cha Wicca anayamba kuonekera poyera. Kuno Malamulo Aakulu a mu 1994 amapereka ufulu wa chipembedzo, kotero wothira nsembe kwa mizimu ya makolo sayenera kuopa ndime ya mu 1911. Chopweteka koposa nchakuti ndime yoletsa kudzinenera ufiti yakhala ikutembenuzidwa: nkhalamba zoopsezedwa ndi khamu zinkavomera kuti ndi mfiti, makhoti ena nkuzitsekera m'ndende, owaneneza nkubwerera kunyumba. Bungwe la Association for Secular Humanism, motsogozedwa ndi George Thindwa, linamenya nkhondo kuti anthu otere amasulidwe.

Bungwe lounika malamulo la Malawi Law Commission linayamba kuunikanso lamuloli mu 2009, ndipo kumapeto kwa 2021 linanena kuti malamulo avomereze kuti ufiti ulipo, poti Amalawi ambiri amatero. Mfundo yotsata ambiri imamveka ya demokalase, koma khoti limayendera umboni. Majisitireti angaunike chiyani pa mlandu wa ndege yaufiti kapena wa nyama yodyedwa kumanda usiku? Mboni idzakhala mwana wolota, kapena sing'anga woombeza ula amene walipidwa ndi wodandaula, ndiye kuti mabisalira wabwereranso, ulendo uno ndi chidindo cha boma. Mu Januwale 2016 ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa mphezi itapha mtsikana wa m'mudzimo, ndipo izi zinachitika lamulo likuletsa kutchulana ufiti. Masiku ano mphekesera yotere imafalikira pa WhatsApp ndi Facebook apolisi asanamve nkomwe, ndipo amene amalozedwa kawirikawiri ndi agogo aakazi osauka.

Aphungu, amene anasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, akonze ndime zonyoza asing'anga ndi zimene zimamangitsa onenezedwa ufiti, koma ndime yoletsa kutchula munthu mfiti aisiye ndipo apolisi aigwiritse ntchito.