Ndani Amadyetsa Mwana wa ku Yunivesite?

Lero tikambe za ana athu opita ku sukulu zapamwamba.

Kale m'Nyasaland munalibe yunivesite. Mwana wanzeru ankapita kutali, ku Makerere m'dziko la Uganda kapena ku Fort Hare ku South Africa. Masauko Chipembere, wobadwira ku Kayoyo m'caka ca 1930, pamene Ntchisi inali m'boma la Kota Kota, anaphunzira ku Fort Hare komweko. Ana otere ankatha miyezi yambiri osaona kwao, nangomva za kumudzi m'kalata.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa ku Chichiri m'caka ca 1965 ndi ophunzira 90, ndipo m'1973 Chancellor College inasamukira ku Zomba. Masiku amenewo Boma linkapatsa wophunzira pogona, cakudya ndi kandalama ka sopo. Makolo anazolowera kunena kuti mwana wapita m'manja mwa Boma, basi.

Koma ophunzira atacuruka, zaulere zija zinatha. M'caka ca 2015 Boma linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, koma ngongoleyo sifikira onse. Ena amacita lendi kunja kwa sukulu, naphika okha, nalowa m'kalasi ndi njala. Ambiri sanena, poopa kudetsa nkhawa makolo.

Tsono inu a mfumu, kodi mudziwa maina a ana otere m'mudzi mwanu? Mpunga ukalowa m'nkhokwe, patulani thumba limodzi ndi usipa wouma, muwatumizire, ndipo muwafunse ngati akudya.