Chitsulo chimene madzi sachizima

Chichewa chili ndi mayina ochepa a zitsulo. Tili ndi chitsulo, mkuwa ndi mtovu. Golide, siliva ndi aluminiyamu tinachita kubwereka. Pa ntchito yanga yomasulira kuchepa kumeneku sikundisowetsa mtendere, koma pali malo amodzi pamene kungathe kumutenthetsa munthu: pa ng'anjo za kuseri kwa nyumba, pomwe anthu amasungunula zitsulo zakutha n'kuzithira m'chikombole cha mchenga kuti pakhale poto. Kuno ku Meriting, pafupi ndi migodi ya pulatinamu ya ku Rustenburg, ndikudziwa abale akumudzi amene amapeza ya ndiwo ndi ntchito imeneyi. Kwa iwo chitsulo chilichonse chotuwa, chopepuka, chosagwira maginito ndi aluminiyamu. Pakati pa zotuwazo pamabisala china, magineziyamu, ndipo chimenecho chimayaka.

Kusungunula si kwachilendo m'dera lino. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Abatlokwa a ku Marothodi, pafupi ndi Pilanesberg, ankayenga chitsulo ndi mkuwa, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo akatswiri ofukula zakale anazipeza. Kwathu nako, ku Kasungu ndi kumapiri a Nyika, ng'anjo zadothi za makolo zidakalipo m'tchire. Koma zitsulo zimene iwo ankazidziwa zinali zochita kunyengerera ndi makala ndi mvukuto kuti zilole kutentha. Ukasiya kupopa, moto unkafooka. Nzeru ya chitsulo chimene chimasanduka nkhuni pachokha sanatisiyire, chifukwa sanakumane nacho.

Sakanakumana nacho ngakhale chinali pansi pa mapazi awo. Magineziyamu ndi wochuluka m'miyala ya Bushveld imene amakumbamo pulatinamu, koma amakhala womangika ndi zinthu zina, ndipo moto wa makala sungamumasule. Humphry Davy ndiye anayamba kumulekanitsa mu 1808 ku London, pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi. Kwa zaka zambiri ntchito yake yodziwika inali kuwala: ojambula zithunzi ankayatsa ufa wake kuti m'chipinda mung'anime. Kenako Ajeremani anamusakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, n'kupanga chitsulo cholimba chimene anachitcha Elektron. Chinalowa m'ndege ndi m'magalimoto, chinalowanso m'mabomba oyatsa moto olemera kilogalamu imodzi amene anagwa pa London ndi Coventry mu 1940. Chikopa cha bombalo ndicho chinkayaka.

Phunziro limene aliyense wa ng'anjo ayenera kulimva linachitika pa 11 June 1955, pa mpikisano wa magalimoto ku Le Mans, m'dziko la France. Galimoto ya Mercedes-Benz 300 SLR yoyendetsedwa ndi Pierre Levegh inaulukira m'khamu la oonerera, ndipo anthu oposa 80 anafa. Thupi la galimotoyo linali la Elektron. Litagwira moto, othandiza anachita zimene mwana aliyense amadziwa: anathira madzi. Moto unakula, n'kuyaka kwa maola angapo. Chifukwa chake n'chakuti magineziyamu woyaka amalanda okosijeni wa m'madzi n'kusiya haidrojeni, mpweya umene umaphulika. Ngakhale chozimitsira moto cha carbon dioxide sichithandiza, poti amayakabe mkati mwa mpweya umenewo.

Nanga chitsulo chotere chimafika bwanji pa mulu wa zakutha ku Meriting? Njira yaikulu ya kale ndi Volkswagen Beetle. Fakitale ya ku Uitenhage, kumene lero kumatchedwa Kariega, inapanga magalimoto amenewa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo chibokosi cha injini yake ndi cha giyabokosi zinali za magineziyamu. Zophwasuka zake zidakayendabe m'manja mwa ogula zitsulo. Lero pawonjezeka zikopa za makina ochekera mitengo, za malaputopu ena, ndi mafupa a m'kati mwa chiwongolero cha magalimoto ambiri. Chondiseketsa ine womasulira n'chakuti malimu onyezimira amene anyamata a kuno amawatcha "mags" anatenga dzina kwa magineziyamu, koma ambiri a masiku ano ndi aluminiyamu. Chokhala ndi dzina n'chosaopsa, choopsacho chilibe chizindikiro.

Ng'anjo nayo sichenjeza. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, magineziyamu pa 650, choncho moto womwewo umakwanira onse awiri. Kusiyana kumaoneka atasungunuka: aluminiyamu amadziphimba ndi kakhungu kolimba kotchinga mpweya, pamene kakhungu ka magineziyamu kamang'ambika, chitsulo n'kubuka moto woyera wothobwa m'maso. M'mafakitale amamusungunulira mu mphika wachitsulo wopanda dzimbiri, osati wadothi, chifukwa amadyana ndi dothi komanso dzimbiri. Pamwamba amaphimba ndi mchere wapadera kapena mpweya woteteza, ndipo mchenga wa chikombole amausakaniza ndi sulufule. Malamulo amenewa analembedwa m'Chijeremani ndi m'Chingerezi, m'mabuku a mainjiniya. Sindinawaonepo m'Chichewa kapena m'Chitswana.

Maganizo anga ndi akuti pakhomo pomwe pali ana, zovala pa chingwe ndi nyumba ya malata ya aneba pafupi, magineziyamu si wosungunula. Ntchito ndi kumuzindikira asanalowe mu mphika. M'manja amapepuka kuposa mnzakeyo: zidutswa ziwiri zofanana kukula, cha magineziyamu chimalemera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a cha aluminiyamu. Koma dzanja limanama, makamaka pa chitsulo chopakidwa mafuta ndi utoto. Chosanama ndi viniga wa m'khitchini. Palani pang'ono ndi tupa mpaka paoneke poyera, dontheza nipo viniga. Pa aluminiyamu sipachitika kanthu. Pa magineziyamu pamatuluka thovu nthawi yomweyo. Chidutswa chotero chiikeni padera, ndipo tinyenyeswa take musatisiye pafupi ndi moto kapena ponyowa, chifukwa ndi timene timagwira moto msanga. Pambali pa ng'anjo pazikhala ndowa ya mchenga wouma gwa, wovundikira, ndipo ndowa ya madzi ikhale kutali kumene dzanja la munthu wodzidzimuka silingafike.