Mphere ya agalu

Mphere ya agalu ndi matenda a pakhungu amene amayambitsidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Ilipo ya mitundu iwiri yodziwika kwambiri.

Mphere ya Sarcoptes scabiei imayabwa koopsa chifukwa tizilomboti timaboola khungu n'kuikiramo mazira. Imayambira m'mphepete mwa makutu, m'zigongono ndi kumimba. Imafala msanga kwa agalu ena, ndipo munthu wogwira galuyo amatha kutuluka totupa toyabwa. Mphere ya Demodex canis imagwira makamaka tiagalu tosakwana miyezi 18. Ubweya umathothoka kumaso ndi kumiyendo yakutsogolo, koma galu sadzikanda kwenikweni.

Si galu aliyense wothothoka ubweya amene ali ndi mphere. Nthata zimayabwitsa kwambiri pamsana pafupi ndi mchira, pomwe chipere chimasiya zigamba zozungulira ndipo chimapatsira ana osewera ndi galuyo.

Pofuna kusiyanitsa matendawa, dokotala wa ziweto amapala khungu ndi kampeni n'kuyang'ana zopalazo pa maikulosikopu. Tizilombo ta Sarcoptes nthawi zambiri sitipezeka, choncho dokotala amatha kupereka mankhwala potengera zizindikiro. Kupaka galu oilo wakale wa galimoto n'koopsa: kumawotcha khungu, ndipo akamadzinyambita amameza poizoni.