Pakamwa pa Ena: Mbiri ya Omasulira Mawu

Kale, Azungu asanaponde dziko lino, mfumu yolemekezeka sinkaponyerana mawu ndi mlendo monga achitira anthu pamsika, koma zonena zake zinkadzera mwa nduna, imene inkazilandira ndi kuwomba m'manja, nizisalaza, nizikuta ndi miyambi, kotero kuti ngakhale chidzudzulo chowawa chinkafika m'khutu chitazizira. Pa chitsa cha mwambo umenewu ndi pamene inaphukira ntchito ya womasulira.

Tom Bokwito, amene anawomboledwa m'goli la ukapolo mu 1861 nakaphunzira ku Lovedale, ndiye anali pakamwa pa Henry Henderson pofunafuna malo amene mu 1876 anadzakhala mishoni ya Blantyre. Ndipo William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu yomweyo, popeza chinenero chake chinali pachibale ndi Chingoni, ndiye anatsegula khomo kwa Inkosi M'mbelwa, nakhala pakati pa Angoni ku Njuyu kufikira imfa yake mu 1886. Mabuku a mbiri achulutsa mayina a abusa a ku Scotland, koma ine ndiyesa kuti popanda anthu awiriwa abusawo akadangolalikira mitengo.

Ku boma ntchitoyi inakula mphamvu, pakuti bwana DC, wozolowera kulankhula mosapita m'mbali, akauza nkhalamba pamaso pa adzukulu ake kuti ikunama, womasulira wanzeru, ali chilili pambali pa tebulo, ankatembenuka nati, "Bwana akuti kapena mwaiwala pang'ono, agogo, takumbukirani bwino," ndipo mlandu unkapitirira popanda wochita manyazi. Komatu lilime lilibe fupa. Analipo ena amene, atalandira nkhuku kumbali dzulo lake, ankakhotetsa umboni, woweruza osadziwa kanthu, wolakwiridwa n'kubwerera kumudzi akudabwa chimene chamugwetsa.

Ngakhale Dr. Kamuzu Banda, potera pa Chileka pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, analankhula ndi anthu a mtundu wake m'Chingerezi, ndipo pa misonkhano ya zaka zotsatira namtindi wa anthu unkamva uthenga kawiri, poyamba kwa mwini wake, kenaka kwa John Msonthi kapena John Tembo. Unali udindo waulemu koma wotulutsa thukuta, pakuti Ngwaziyo, ngakhale sinkakamba Chichewa pagulu, inkatchera khutu, ndipo womasulira akaphonya liwu inkamudula pakamwa nimuwongola pamaso pa khamu lonse.