Woukira, Ngwazi ndi Mwambo ku Zomba

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, mwana aliyense wa sukulu ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Msampha unali pa ngodya yachinayi. Mwambo ndi zimene makolo anatisiyira, za chinamwali, ukwati ndi maliro, koma chipani cha Kongeresi chinkatchanso mwambo kusatsutsa zimene a Ngwazi, Dr Kamuzu Banda, alamula. Motero wofunsa funso ankaoneka ngati watukwana makolo, ndipo dzina lake linali lokonzeratu: woukira, kapena chigawenga.

Mayinawa anamera mizu mu Seputembala 1964, likulu la dziko likadali ku Zomba, pamene nduna zinasemphana maganizo ndi Dr Kamuzu Banda. A Orton Chirwa ndi a Kanyama Chiume anachotsedwa unduna, a Henry Chipembere anatula okha udindo. A Chirwawo, amene anayambitsa chipanicho mu 1959, anamwalirira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, akutchedwabe woukira.

Ku Chancellor College alembi anapeza njira ina, yophiphiritsa. Sankatchula munthu dzina. Ankakamba za nyama, mapiri ndi nthano zakale, womva n'kumva. Ena amati kumeneku kunali kuopa. Ine ndimati ndi luso lomwe amayi amadandaulira nalo pamtondo apongozi ali pomwepo. Boma nalo silinapusitsike. A Jack Mapanje, amene buku lawo la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anagwidwa mu Seputembala 1987 n'kutsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka Meyi 1991.

Kupatuka pagulu pakokha si ungwazi. Woledzera wosokoneza pamaliro nayenso waswa mwambo. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti choona chimatha kuchokera kwa yemwe mudzi ukumuseka, koma mudziwo umapulumuka pokhapokha ukamumvera. Kwa zaka pafupifupi 30 otsutsa ankagwa mmodzimmodzi, anthu akuyang'ana kumbali. Zinasintha pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, anthu zikwizikwi n'kumva limodzi zimene ankanong'onezana. Ophunzira a ku Chancellor College analowa m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo mabishopuwo, koleji n'kutsekedwa. Pa riferendamu ya 14 Juni 1993, ovota 63 mwa 100 alionse anasankha matipate.