Amonke a Chibuda ku Mapanga: mwambo wakale ukasamuka, chimatsala n'chiyani?

Anzanga a mu kalabu ndi nonse amene mumatitsata pa tsamba lino, gawo la mbiri mwezi uno likutitulutsa mu Msundwe pang'ono. Ambirife tikamva za Chibuda timangokumbukira mafilimu aja a mu vidiyo sho, amuna ometa mpala akulumpha pamadenga. Koma kodi mukudziwa kuti amonke a Chibuda alipo konkuno, ndipo akhala akulera ana a Chimalawi ku Mapanga mu Blantyre kuyambira cha m'ma 2004? Kuti timvetse mmene anafikira kuno, tiyambire kumene zinayambira.

Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu wobadwira ku Lumbini m'dziko lomwe lero ndi Nepal, anasiya chuma chonse kukafufuza gwero la mavuto a munthu. Iyeyu ndi amene anadzatchedwa Buddha. Omutsatira ena anasiyanso mabanja n'kukhala amonke, ndipo malamulo awo, otchedwa Vinaya, anali okhwima zedi. Mmonke samakwatira, samagwira ndalama, samadya dzuwa likapendeka, samakumba nthaka. Chakudya amachita kupempha khomo ndi khomo atanyamula mbale. M'dzinja amakhala malo amodzi miyezi itatu, chifukwa anthu anadandaula kuti amonke akamayendayenda akuponda mbewu ndi tizilombo. Alimi anzanga, dandaulo limeneli silachilendo, eti? Mpaka lero amonke a ku Thailand ndi Sri Lanka amasunga malamulo 227.

Chipembedzochi chitafika ku China, zina zinakanika. Anthu a kumeneko sankalemekeza munthu wamphamvu zake wongopempha. Choncho amonke ena anayamba kulima okha, ndipo mphunzitsi Baizhang, amene anamwalira mu 814, amakumbukiridwa chifukwa cholimbikira kuti mmonke azigwira ntchito ya manja tsiku lililonse. Taonani: kukumba nthaka komwe kunali koletsedwa kunasanduka mbali ya mapemphero. Ku China komweko ndi kumene kusala nyama kunakhala lamulo la amonke onse.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu ophunzira a ku China ankanyoza amonke kuti ntchito yawo ndi kuimba pamaliro basi. Mmonke wina dzina lake Taixu, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1890 mpaka 1947, anavomereza kuti chitonzocho chili ndi mfundo. Iye anaphunzitsa kuti Chibuda chiyenera kuthandiza amoyo: masukulu, zipatala, osauka. Maganizo amenewa anawoloka nyanja kupita ku Taiwan ndi mmonke Hsing Yun mu 1949. Mu 1967 Hsing Yun anakhazikitsa gulu la Fo Guang Shan, lomwe lero lili ndi mayunivesite, nyuzipepala ndi wailesi ya kanema. Amonke omwe makolo awo m'chipembedzo sankagwira ngakhale tambala, tsopano ankayendetsa mabungwe a ndalama zambiri.

Africa inalowa m'nkhaniyi mu 1992, pamene gululi linatumiza mmonke Hui Li kukamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, kufupi ndi Pretoria ku Joni. Pamalopo anatsegulanso seminale yophunzitsa anyamata a mu Africa umonke. Anyamata anabwera kuchokera m'mayiko osiyanasiyana, koma ambiri sanakhalitse. Ganizirani nokha: kwathu kuno munthu wosakwatira ndi wopanda mwana amamuona bwanji, nanga abale amene akudikira thandizo lake awauza chiyani?

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Hui Li anafika ku Malawi ndipo anaona kuchuluka kwa ana amasiye chifukwa cha Edzi. Nthawi imeneyo dziko lathu linali pa ubale ndi Taiwan, ubale womwe unayamba mu 1966 ndipo unatipatsa chipatala chachikulu cha Mzuzu. Apa ndi pamene panabadwira Amitofo Care Centre. Boma la Bingu wa Mutharika litasiya Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi Beijing cha kumayambiriro kwa 2008, malowa sanatsekedwe, ndipo bungweli linafalikira ku Lesotho, Eswatini, Namibia ndi Mozambique.

Moyo wa ku Mapanga ndi moyo wa amonke wosinthidwa kuti ukwanire ana. Amadzuka kusanache, amapita ku kachisi kukaimba mapemphero, kenako masewero a kung fu. Nyama sadya. M'kalasi amaphunzira maphunziro a boma omwe tonse tinadutsamo, kuwonjezera Chitchaina. Anawo sakulumbira za umonke ayi, koma ndondomeko ya tsiku lawo yachokera m'nyumba za amonke. Ena amapita kunja kukaonetsa masewero kuti bungwe lipeze thandizo, ndipo ena akamaliza sekondale amapeza mwayi wokaphunzira ku Taiwan.

Apa ndiye pali mtsutso, anzanga. Mu 2019 kunatuluka filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa Buddha in Africa, yokonzedwa ndi Nicole Schafer wa ku South Africa. Imatsata mnyamata wina wochokera ku banja la Chisilamu amene anakulira pamalowa. Kung fu amaitha, Chitchaina amachilankhula, koma akapita kumudzi amakhala ngati mlendo pakati pa abale ake. Ayenera kusankha: apite ku Taiwan, kapena abwerere kwawo? Ena oonera anati mwanayo wapulumutsidwa ku umphawi. Ena anati amulanda chinthu chomwe sukulu singabweze. Ine ndikuona kuti onsewa akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yovuta.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri yonse ya Chibuda ndi ya kusintha. Chinasintha ku China, chinasinthanso ku Taiwan. Ndiye funso langa ndi ili: pofika ku Malawi, wasintha kwambiri ndani, chipembedzo kapena mwana? Ku Uganda kuli chitsanzo china. Bhante Buddharakkhita, mwana wa konko, anatsegula Uganda Buddhist Centre mu 2005 ndipo amaphunzitsa anthu akwawo iye mwini.

Ife a kuno funsoli si lachilendo. Amishoni atafika, kuyambira ku Likuni mpaka ku Nambuma ndi Namitete, anabwera ndi sukulu ndi chipatala, komanso ndi Chilatini, ndipo mkangano wa mpingo ndi Gule Wamkulu agogo athu amaukumbukira bwino. Zinatenga zaka zambiri kuti ng'oma ilire m'tchalitchi ndi kuti Misa ichitike m'Chichewa. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976 pofuna kusonyeza kuti munthu angathe kupemphera osataya za kwawo. Mapanga akadali pa chiyambi cha ulendo womwewo.

Ndisanatseke, nayi mfundo yoti tikambirane pa msonkhano wathu ukubwerawu. M'midzi yathu muno muli ana amasiye amene akuleredwa ndi agogo opanda ngakhale thumba la feteleza. Atabwera munthu n'kunena kuti amupatsa mwanayo sukulu, chakudya ndi tsogolo, koma akakula m'chilankhulo ndi mapemphero a eni ake, inu monga malume kapena azakhali mungayankhe chiyani? Ndipo mukakana, mwanayo mumupatsa chiyani m'malo mwake? Bwerani ndi mayankho anu Loweruka, ndipo amene muli kutali lembani m'munsimu.